Mpando wa Pazenera

Kondie anakumana ndi Wyson pa siteji ya basi ku Newcastle, ku England, mvula ikuwaza. Anali akuchokera kuchipatala kumene ankagwira ntchito ya unamwino, ndipo ankalankhula pafoni ndi malume ake. Atangodula, mwamuna amene anaima pambali pake anatsokomola.

"Pepani achemwali, Chichewa chimenecho ndi cha ku Dedza kapena makutu anga akundinamiza?"

Kondie anaseka. Chibwerereni m'dziko lozizirali, panalibe mwamuna amene anamuseketsapo choncho. Wyson ankasamalira okalamba, ndipo anali atangosamuka kumene kuchokera ku Hull. Pakamwa pake panali pothira shuga!

Mauthenga anayamba kugwa m'mawa ndi madzulo. "Wadzuka bwanji, duwa langa?" Tsiku lina analemba kuti, "Ine sindinakwatirepo, Kondie. Mulungu ankandisungira iwe."

Kondie anakhulupirira. Akanalekeranji? Mpaka anawauza malume ake kuti akonzeke kulandira ankhoswe.

Loweruka lina Wyson anamutengera kumapiri a Northumberland, m'paki yotetezedwa ndi boma, kukaona nyumba yakale yamiyala imene banja lina loweta nkhosa linakhalamo mibadwomibadwo. Khomo lake linali lalifupi moti analowa chowerama. Kondie anali ataona kale kabokosi kakutukumula thumba la jekete la Wyson, ndipo anadziwiratu kuti muli mphete.

Woonetsa alendo, bambo waimvi, anawaimika pa mpando wathabwa umene unali pazenera. Anafotokoza kuti womaliza kukhala m'nyumbamo anali mayi amene mwamuna wake anawoloka nyanja kukafuna ntchito, atalonjeza kuti adzamuitanitsa. Mayiyo ankakhala pampandopo kuyang'ana njira, mpaka anakalamba. Mwamunayo sanabwerenso.

Misozi inalengeza m'maso mwa Kondie. "Koma anthu ena nkhanza!"

"Ine sindingakuchite zimenezo, mtima wanga," ananong'ona Wyson, atamugwira dzanja. "Ife tidzamanga yathu, ndipo sudzakhala pazenera wekha. Tiye panja, ndili ndi mawu."

Panjapo panali pataima minibasi, amayi a mpingo akutsika, zitenje zili pamwamba pa makhothi. Mmodzi wachikulire anakuwa mosangalala.

"Bambo a Tiya!"

Wyson anacheuka asanaganize n'komwe.

"Ndi inudi! Mwasowatu kutchalitchi ku Hull," anatero mayiwo akumupatsa moni wa manja awiri. "Nanga amake Tiya, viza yawo inatuluka? Timawapempherera pa fellowship. Mwezi watha ndinali kumudzi, ndinawaona ku Area 25. Akuti masutikesi analongedza kalekale, akungodikira inu." Kenako anamwetulira Kondie. "Awa ndi alongo anu?"

Wyson anasiya dzanja la Kondie msangamsanga. Mayiwo anayang'ana manja a awiriwo, nkhope yawo inagwa, ndipo anabwerera kwa anzawo mwakachetechete.

Kondie anatembenukira kwa Wyson. Kwathu munthu saitanidwa ndi dzina la mwana wa eni, ndipo akaitanidwa choncho sacheuka.

"Tiya ndani?"

"Baby, let me explain..."

"Mundiyankhe m'Chichewa chomwe munandifunsira chija. Tiya ndani?"

"Mwana wanga," anatero Wyson, maso ali pansi. "Koma ine ndi mayi ake zinthu sizikuyenda. Amene ndimamukonda ndiwe, Kondie, ndikulumbira!"

"Iwowo akudziwa kuti sizikuyenda?"

 Wyson anatulutsa kabokosi kaja, ngati kuti mphete ingayankhe m'malo mwake.

Zinamupweteka Kondie, chifukwa ankamukondadi munthuyu. Anayang'ana kunyumba kuja. Pazenera mpando uja unkaonekera. Posachedwa pomwepa anali kulirira mayi wachizungu amene anamwalira kalekale, osadziwa kuti wina wamoyo ali pazenera ku Lilongwe, mwana pamiyendo. Ndipo amene ankachedwetsa ulendo wa mayiyo anali ndani? Si iye yemwe?

"Bwezani m'thumba," anatero. "Mukawaimbire amake Tiya lero. Muwauze zoona inuyo, asamvere kwa anthu."

Anapita kwa mayi achikulire aja n'kupinda mawondo pang'ono. "Amayi, pobwerera mudutsa ku Newcastle? Mundisungireko malo."

Mayiwo anangomukumbatira.

Ali m'minibasi, foni inanjenjemera. Unali uthenga wa malume ake: "Mphwanga, ankhoswe aja tiwayembekezere liti?"

Kondie anapukuta misozi n'kulemba: "Musawadikire, amalume."