Mkuwe wa Kuseri kwa Chitseko

Izi si zongomva. Kalipentala amene anakhoma chitsekocho analipo, ndipo iyeyo amanama za tsiku lomaliza mipando basi.

Sewero limene ankachita ndi anzake linali lachilendo. Ankachitira m'nyumba yakale yosungiramo katundu, mazenera ataphimbidwa ndi mabulangete. Kutsogolo kunkaima chitseko chokha. Kuseri kwake kalipentala ankakwapula thumba lonyowa ndi lamba, mayi wina, telala, n'kumakuwa ngati mkazi womenyedwa. Wotsogolera ankauziratu oonerera kuti wina akangogogoda, sewero lithera pomwepo. Koma ayi ndithu. Anthu ankangoti zyoli, ena n'kumanong'ona kuti za m'banja la eni salowerera.

Mawu amenewa ankamuwawa telala. Ndi omwewo amene mng'ono wake ankamuyankha akamufunsa za zipsera.

Loweruka lina masana, telala anabwera mawu atamuthera ndi chimfine.

"Muzingobuula, mayi," anatero wotsogolera. "Anthu alowa kale."

Lamba anagwa, phwa! Telala anatsegula pakamwa, panatuluka mpweya wokha.

Koma mkuwe unamveka.

Unachokera pakati pa awiriwo, pansi. Kalipentala anamuyang'ana telala. Milomo inali yotseka. Kenaka kunabwera fungo la mafuta odzola, omwe aja telala anamugulira mng'ono wake.

"Siyani, bambo," telala anayesetsa kunong'ona.

"Ndasiya kale."

Lamba anali lende m'manja mwake. Zikwapu zinapitirira. Phwa! Phwa! Mbale inasweka, pomwe panalibe mbale.

"Achemwali!"

Anali mawu a mng'ono wake. Kunja kwa chitseko wina anatsokomola. Mpando unalira. Palibe anadzuka.

Telala anazungulira yekha kutsogolo, n'kumenya chitsekocho ndi zibakera. Zonse zii. Anthu anaomba m'manja, ati sewero lakoma lero.

Iye anali atatuluka kale, nsapato zili m'manja. Kwa mng'ono wake anapeza oyandikana nawo ali pakhonde, wina akuluka mnzake tsitsi, wailesi ikulira mokweza. Anagogoda ngati athyola chitseko. Anatsegula mlamu wake, thukuta lili kamukamu, lamba m'manja.

"Alamu, kwagwanji?"

Telala anamukankhira kumbali. Mantha anali atamuthera, kwatsala ukali. Mng'ono wake anali kwala pansi pakati pa mbale zosweka, akupuma movutikira, atakumbatira pilo. Telala anamubereka ngati khanda n'kutuluka naye, mlamu ali kukamwa yasa.

Atafika pamsewu, mng'onoyo ananong'ona kumsana:

"Mwadziwa bwanji, achemwali? Ine sindinakuwe. Ndinaluma pilo kuti ana asamve."

Kalipentala akuti madzulo ake, pokonza malo, anatola thumba lija. Linali lofunda. Pakona pake panali podinda mano a munthu.