Kamera Yopanda Filimu

Masiku amenewo chithunzi chinali ndi ulemu wake. Munthu ankasita malaya, kudzola mafuta mpaka m'zigongono, kubwereka wotchi ngakhale yakufa, kenako n'kudikira sabata yathunthu kuti aone nkhope yake papepala.

Herbert anali wojambula wa pa depoti ya Zomba. Sukulu anaisiyira Fomu 2, koma pakamwa pokha anali ndi digiri.

Tsiku lina m'chaka cha 2002, m'minibasi yochokera ku Jali munatsika mtsikana wa diresi yachikasu. Herbert anali atangochoka kojambula ukwati, filimu yonse itathera komweko. Koma mtima umafunsa za filimu?

"Asisi, imani pomwepo! Dzuwa lakusankhani."

"Landisankha ine pa anthu onsewa?"

"Enawa likungowawotcha. Inu likukusisitani."

Mtsikanayo anaseka, nakonza kolala. Herbert anagwada bondo limodzi, fulashi n'kuti ng'ani! M'kameramo munali mphepo yokhayokha.

"Dzina ndilembe ndani?"

"Dora. Ndimasoka pakhonde la golosale ku Chikanda."

"Mudzatenge Lachisanu, a Dora."

Lachisanu Dora anabweradi, atavala diresi ina yodzisokera yekha.

"Pepani, chapsa," anatero Herbert nkhope ili gwa. "Otsuka aja anachulutsa mankhwala. Tijambulenso."

Lachisanu linalo akuti Dora anaphethira pojambulidwa. Linalo akuti envelopu inasochera ku Blantyre. Filimu tsopano inalipo, koma Dora akamayandikira, Herbert ankasinthira ku kamera yopanda kanthu. Chifukwa chake? Pa ntchito yake anali ataona chinthu chimodzi: kasitomala akalandira chithunzi chake amati zikomo, n'kupita, osadzaonekanso. Tsono iye apereke chithunzi kwa Dora kuti naye apite? Ayi ndithu!

Pofika mwezi wachitatu "inu" anali atatha, kutatsala "iwe". Onse anali ndi timafoni tija tolemera ngati njerwa, ndipo mauthenga ankauluka.

"Dodo wanga, ndikatsinzina ndikukuona, ndikatsegula maso ndikukusowa. Nanga ndiziyenda chotsinzina?"

"Uziyenda choncho, mwina ungagwere pa zithunzi zanga," ankayankha Dora.

"Duwa langa, tsiku limene ndidzakupatse chithunzi chako, ndidzakupatsa ndi mphete yomwe. Lemba penapake."

Dora sanalembe papepala. Analemba mumtima, malo oipa kwambiri kusungamo lonjezo la mwamuna.

Patatha miyezi isanu ndi itatu, Herbert anagula mphete ija. Anaikanso filimu yatsopano, yeniyeni, n'kutenga Dora kupita naye kuphiri. Anagula masitiroberi kwa ogulitsa a m'mbali mwa msewu, nakhala pamwala pafupi ndi damu la Mulunguzi. Nkhungu inkatsika m'mitengo ya paini pang'onopang'ono. Dora atacheuka kumuyang'ana, sitiroberi ili m'manja, Herbert anadina osamuuza kuti akonzeke.

"Herbert, m'kameramo muli chiyani?"

"Muli iweyo, switi."

"Medson, mnzako wojambula uja, akuti miyezi yonseyi ndakhala ndikumwetulira bokosi lopanda kanthu."

Asanayankhe, Dora anali atatsomphola kamera.

"Usatsegule!"

Mochedwa. Kachitseko kanali katatseguka, filimu ili poyera, kuwala kukuidya. Dora anagwira pakamwa.

"Mayo! Ilimo. Pepa, Herbert, pepa wokondedwa."

Apa munthu wanzeru akanatseka kamera, n'kutsekanso pakamwa. Koma Herbert anabadwa ndi nthabwala kunsonga kwa lilime.

"Wangochita tsoka lero," anatero akuseka. "Masiku ena onsewo Medson sananame."

Anaseka yekha.

"Madiresi khumi ndi anayi, Herbert," anatero Dora motsitsa mawu. "Ndinkasoka mpaka zala kutupa kuti ndioneke bwino pamaso pako. Anzako a pa depoti ankadziwa?"

Herbert anayang'ana pansi.

"Ankandiseka?"

Ankasekadi. Mphete inakhalabe m'thumba, Dora n'kutsika phiri yekha. Dzuwa lisanalowe uthenga unafika: "Usandifunefune. Sindikudziwanso kuti mwa mawu ako onse aja, ndi ati anali ndi filimu."

Sabata yotsatira makina ake osokera anali atachoka pakhonde paja. Anthu anati wapita kwa azakhali ake ku Mzuzu.

Herbert anakatsukitsabe filimu ija. Yonse inatuluka bii, kupatula chithunzi chimodzi. Mbali ina kuwala kunali kutachidya, kofiira ngati moto wolusa. Mbali inayo kunali Dora, nkhungu kumbuyo, sitiroberi m'manja, maso ali pa iye. Anachiponya pansi pa katoni.

Zaka makumi awiri ndi chimodzi zinadutsa. Mafoni analanda ntchito, aliyense n'kusanduka wojambula. Herbert anatsalira m'kachipinda ku Mbedza, kujambula tizithunzi ta ziphaso. Anakwatirapo, banja n'kutha mwaulemu. Masitiroberi sankadya. Ankati amamupweteketsa m'mimba.

Tsiku lina kunabwera mayi Latifa Stambuli, amene ankakonza chionetsero chachikulu cha zithunzi m'tauni. Kunkabwera akatswiri ochokera ku Lilongwe, ku Maputo ndi kwina, koma iwo ankafunanso ntchito za ojambula akale a m'misewu. Herbert anawayalira zonyadira zake: maukwati, makwaya, ophunzira atavala mikanjo. Mayiwo ankangogwedeza mutu, mpaka dzanja lawo linafika pansi pa katoni.

"Ichi."

"Chimenecho n'chakupsa, mayi. Chithunzi chabwino nsapato zimaoneka, wotchi imaoneka, munthu amamwetulira. Apa muli chiyani? Ngakhale khutu lina palibe."

"Bambo Herbert, enawa akuyang'ana kamera. Uyu akuyang'ana munthu. Akufuna kufunsa chinachake, ndipo akuopa yankho lake. Ndachiona kamodzi, koma ndikufuna kudziwa chimene chinachitika pambuyo pake. Anafunsa chiyani?"

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, Herbert anasowa nthabwala.

Mayi Stambuli anachikulitsa, nachiika mufelemu, n'kuchipachika pakhoma loyang'ana kukhomo. Chinalinso pa chikalata choitanira anthu, chimene chinayenda m'mafoni dziko lonse. Akatswiri ankaima pamenepo manja kumbuyo, kumufunsa kuti moto wa m'mbaliwo anaupanga bwanji.

"Umafunika mkazi wokwiya ndi mwamuna wopusa," ankayankha. Iwo ankalemba m'timabuku.

Tsiku lotseka chionetsero linali Lachisanu. Masana foni yake inalira. Nambala yachilendo.

"Munati ndidzatenge Lachisanu. Ndili pakhomo."

Herbert anathamangira kukhomo la chionetserocho. Pakhomo panaima mayi wa magalasi, imvi ziwiri zitatu zikusuzumira m'mphepete mwa duku. Diresi yake inali yachikasu, ndipo msoko wake Herbert akanauzindikira ngakhale pakati pa msika.

"A Herbert, mwakalamba."

"Ndi kuwala kwa muno, a Dora. Panja ndimaoneka bwinoko."

Dora sanaseke. Anapita pa chithunzi chija, nachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wanga ndiye ananditumizira pafoni. Akuti, amayi, kodi munalinso okongola chonchi? Bambo ake anamwalira osandionapo ndi nkhope imeneyi." Anapukuta magalasi. "Ndinkakukonda kwambiri tsiku limeneli, chitsiru iwe. Ndinkapemphera kuti Medson akhale wabodza."

"Dodo..."

"Ndayenda ulendo wonsewu ndi funso limodzi. Unkandipusitsiranji?"

"Sindinkakupusitsa. Ndinkaopa. Aliyense amene ndinkamupatsa chithunzi chake ankapita osabweranso. Ndinkafuna uzibwerabe Lachisanu lililonse."

"Ndiye unandisunga?"

"Ndinakutaya."

"Zaka zonsezi, yankho lake n'kukhala lopusa chonchi!" Misozi inali m'maso, koma mawu anali olimba. "Ndipatse chithunzi changa."

Herbert anayang'ana khoma. Chinali chokhacho chimene anatsala nacho cha Dora, pakuti kachidutswa ka filimu kanaonongeka kalekale ndi chinyezi, ndipo choyambirira chija n'chimene anachimata kuseri kwa felemu. Akapereka, atsala ndi chiyani? Bodza linafika lokha pakamwa, lokonzeka bwino: eni chionetsero salola, mubwere Lachisanu linalo. Analimeza.

Anakwera pampando, nachotsa felemu pamsomali. Mayi Stambuli anatsegula pakamwa, koma ataona nkhope ya mlendoyo ndi ya pachithunzi, anatsekanso.

"Ndi chanu, a Dora. Pepani pochedwa."

"Zikomo," anatero Dora.

Anachikumbatira pachifuwa, natembenuka, n'kuyamba kuyenda. Ndendende ngati makasitomala onse! Herbert anatsala pampando paja, akuyang'ana msomali wopanda kanthu. Sanafune kuona diresi yachikasu ikumuchokera kachiwiri.

"Iwe Herbert!"

Anacheuka. Dora anali ataima pakhomo, felemu ataitsamiritsa pamwendo.

"Ukuyembekeza kuti ndinyamule ndekha chinthu cholemera chonchi? Tsika apo. Ndipo paja unati chithunzi chidzabwera ndi chinthu china. Ine sindinaiwale."

Herbert anatsika mofulumira mpaka mpando unagwa.

"Ilipo, Dodo! Ili kunyumba, m'kachibotolo ka filimu."

"Tiye ndikaione ndi maso angawa," anatero Dora, akumupatsa felemu. "Ndipo kachibotoloko ndikatsegula ndekha."