Kamphepo ndi Kaloko Kofiira

Kamphepo ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kusewera gemu ya chule. Chuleyo ankakhala mu tabuleti ya amayi ake. Koma pakhomo pa chule panali kaloko.

Kamphepo anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Mano ake awiri a kutsogolo anali ataguluka. Dzina lake lenileni linalipo, koma kunyumba analiiwala kalekale. Onse ankangoti Kamphepo, chifukwa cha kalowedwe kake. Chitseko pha! Iye ali kale m'kati.

"Iwe mwana iwe," ankatero amayi ake. "Odi wako unamusiya kuti?"

"Ndaiwala, Amayi."

Mawa lake, chitseko pha! Waiwalanso.

Amayi ake anali telala. Ankasoka m'kachipinda ka kuseri. Munali makina osokera ndi tebulo lalikulu lodulira nsalu. Munali ulusi, mapini ndi mabatani. Tabuleti ija inali ya ntchito. Inkasunga zithunzi za madiresi. Inkasunganso miyezo ya anthu osoketsa zovala.

Masana amayi ankapatsa ana awo tabuletiyo. Pagalasi pake pankaoneka timabokosi titatu. Kobiriwira kanali ka nkhani zowerenga. Kachikasu kanali ka nyimbo. Kameneka ankakakonda Masaya, mng'ono wake wa Kamphepo. Masaya anali ndi zaka zitatu ndi masaya awiri onenepa bwino. Kabokosi kachitatu kanali ka chule. Apa ndi pamene panali kaloko kofiira.

Lamulo la amayi linali losavuta.

"Werenga kaye nkhani imodzi. Ukatha, ubwere kwa ine. Ndidzalemba mawu achinsinsi, kaloko kadzatseguka."

Polemba mawuwo, amayi ankatembenuka. Kamphepo ankangomva chala chikugunda galasi. Tho, tho, tho. Basi, chule uja watulukira.

Tsiku lina Kamphepo anatsegula kabokosi kobiriwira. Nkhani ya tsikulo inali ya basi yakale. Anawerenga kuchuluka kwa masamba ake. Khumi! Masamba khumi athunthu! Kamphepo anafwenkha mphuno.

Kuseri makina ankalira. Dididi, dididi. Amayi anali otanganidwa. Masaya anali pamphasa, akudya nthochi.

Kamphepo anayang'ana kaloko. Kaloko kanamuyang'ananso. Chala chinayamba kumuyabwa.

"Ndingoyesa kamodzi," anadziuza. Inu, kamodzi ka Kamphepo tikukadziwa ife.

Analemba dzina lake. Anamwetulira, mpata wa mano uli poyera. Tabuleti inati tcha! Kaloko sikanatseguke.

Analemba kuti "Masaya". Anatulutsa lilime poganiza. Tcha! Kaloko sikanatseguke.

Analemba kuti "nsalu". Chala china chinali m'mphuno. Tcha! Kaloko sikanatseguke.

Analemba kuti "chule". Tsopano anali atakwinya nkhope. Tcha! Kaloko sikanatseguke.

Kamphepo anapsa mtima. Anabweretsa tabuleti pafupi ndi mphuno. Analemba kuti "tseguka iwe". Tcha!

Galasi lonse linada bii. Kobiriwira kanasowa. Kachikasu kanasowa. Chule anasowa. Panatsala mawu oyera okha. Kamphepo anawawerenga pang'onopang'ono.

"Mwalakwitsa kasanu. Dikirani mphindi makumi atatu."

Mayo ine! Mtima wa Kamphepo unagunda ngati makina a amayi. Anadina apa. Anadina apo. Anaigwedeza. Anaiuzira mpweya. Tabuleti inangoti zii.

Nthawi yomweyo panja panamveka mawu.

"Odi kuno!"

"Lowani, a Nesi!" anayankha amayi ali kuseri.

Anali a Nesi, amene ankasoketsa diresi kwa amayi. Anavala yunifolomu yoyera. Anali pa ulendo wa kuntchito.

Kamphepo anayang'ana uku ndi uku. Kenako anachita chinthu choipa. Anaika tabuleti pamiyendo ya Masaya. Iye anakakhala pampando, manja pamaondo, ngati mwana wabwino. Masaya anasangalala. Anagwira galasi ndi zala za nthochi.

Amayi anatuluka, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Amake Kamphepo, ndili ndi changu," anatero a Nesi. "Ndingosankha kolala, ndithamangire basi."

"Musadandaule. Zithunzi zili mu tabuleti. Kamphepo, bwera nayo."

Kamphepo sanadzuke. Amayi anaona tabuleti ili kwa Masaya. Anainyamula. Anaona galasi lakuda. Anaona mawu oyera. Anaonanso zala za nthochi.

"Wachita izi ndani?"

Kamphepo anayang'ana pansi. Chala chake chinadzuka chokha. Chinaloza Masaya.

"Ndi Masaya, Amayi."

"Masaya!" anakalipa amayi. "Taona tsopano! A Nesi achedwa chifukwa cha iwe. Sabata ino nyimbo kulibe."

Masaya anasiya kutafuna.

"Ine ayi," anatero. "Ine ayi, Amayi."

Misozi inatsika pa masaya onenepa aja. Analira osakuwa. Ankangoti, "Ine ayi. Ine ayi."

A Nesi anakhala pansi kudikira. Anayang'ana wotchi yawo. Amayi anapepesa. Anapepesanso kachiwiri. Kamphepo anali asanaonepo amayi ake akupepesa chonchi.

Mphindi makumi atatu ndi zambiri, anzanga. Kwa mwana amene wanama, ndi chaka chathunthu.

Kamphepo ankafuna kunena kuti, "Ndine." Mawuwo anafika pakhosi. Anakakamira pomwepo. Mawuwo sanatsike, sanatulukenso.

A Nesi anayang'ananso wotchi. Panja basi inadutsa. Inali basi yawo.

"Yapita," anatero a Nesi motsitsa mawu. "Ndikwera ina."

Makutu a Kamphepo anatentha. "Ndine" anali pakhosi pomwe paja.

Potsiriza galasi linawala. Amayi anatembenuka. Tho, tho, tho. Tabuleti inatseguka. Koma sinaonetse madiresi. Inaonetsa mawu ena kaye.

"Amene amayesa kutsegula ndi uyu."

Paja tabuleti inkati tcha, tcha? Inkajambula! Amayi anaitchera choncho kalekale, kuopa akuba. Kamphepo sankadziwa.

Chithunzi choyamba chinabwera. Kamphepo akumwetulira, mpata wa mano uli poyera.

Chachiwiri, Kamphepo lilime lili panja.

Chachitatu, Kamphepo chala chili m'mphuno.

Chachinayi, Kamphepo atakwinya nkhope.

Chachisanu chinalibe maso, chinalibe pakamwa. Chinali mphuno yokhayokha, yodzaza galasi lonse.

A Nesi anagwira pakamwa. Mapewa awo ankagwedezeka.

"Koma Masaya wakula msanga," anatero. "Mpaka mano a kutsogolo aguluka kale?"

Amayi sanaseke. Sanakalipenso. Anangomuyang'ana Kamphepo. Bola akanakalipa! Kuyang'ana kumeneko kunawawa kuposa kukalipa.

Manyazi anamugwira Kamphepo thupi lonse. Anamugwira nkhope. Anamugwira khosi. Anamugwira mpaka zala za kumapazi. Anathawira m'kachipinda kosokera. Analowa pansi pa tebulo lodulira. Nsalu yaitali inkalendewera m'mbali mwake ngati katani. Kamphepo anabisala kumeneko, pakati pa tizidutswa ta nsalu. Anadziphimba kumaso ndi kansalu ka maluwa.

Anamva a Nesi akusankha kolala. Anamva akutsanzika. Anamva nsapato zawo zikuthamanga mumsewu. Kenako amayi analowa. Makina anayambanso kulira. Dididi, dididi.

Amayi sanamuitane. Kamphepo ankaona mapazi awo okha. Analira mwakachetechete. "Amayi sadzandikhulupiriranso," anaganiza. "Masaya sadzandikondanso."

Patapita nthawi, timapazi tiwiri tinaima kunja kwa nsalu. Kamawu kakang'ono kanamveka.

"Odi."

Anali Masaya. Anamva a Nesi akutero, naye anatengera.

Kamphepo anapukuta mphuno. "Lowa," anatero.

Masaya anakwawira m'kati. M'maso mwake munali mofiirabe. M'dzanja munali kachidutswa ka nthochi, kofinyikafinyika. Anakapereka kwa mkulu wake.

"Idya. Usalire."

Apa ndiye manyazi anafika pachimake. Mwana amene anamunamizira uja ndi amene akumupatsa nthochi! Kamphepo anamukumbatira mwamphamvu.

"Pepa, Masaya. Ndinakunamizira. Sunalakwe iwe."

"Ine ayi," anavomereza Masaya.

"Eya. Iwe ayi."

Kamphepo anatuluka pansi pa tebulo. Ulusi unali m'tsitsi. Anaima pambali pa makina. Mawu aja anabweranso pakhosi. Ulendo uno anawakankha.

"Amayi, ndine. Ndinatseka tabuleti ndine. Pepani."

Makina anasiya kulira.

"Ndikudziwa," anatero amayi. "Ndakuona kasanu. Kachisanuko ndaona mphuno yokha."

Kamphepo anayang'ana pansi.

"Tamvera, mwana wanga. Tabuleti ikatsekeka, imatseguka. Basi ikapita, imabwera ina. Chandiwawa ine ndi Masaya. Walira popanda chifukwa. Ndipo wamuliritsa ndi pakamwa panga."

Amayi ananyamula Masaya. Anamukhazika pamiyendo.

"Nanenso ndinafulumira, Masaya. Unandiuza, sindinamve. Pepa, mwana wanga. Nyimbo zako zilipo."

"Chule lero palibe," amayi anauza Kamphepo. "Ndipo a Nesi akabwera Loweruka, udzawapepesa wekha."

"Chabwino, Amayi."

Kenako amayi anatenga choko cholembera nsalu. Anatenganso kachidutswa ka nsalu yakuda.

"Unkafuna mawu achinsinsi, eti? Ndi awa."

Analemba zilembo zitatu. Kamphepo anaziwerenga.

"O. D. I." Anatong'ola maso. "Odi? Basi?"

"Basi. Ndinadziwa kuti amenewa sungawaganizire. Umawaiwala tsiku lililonse."

Kamphepo anafuna kuseka. Anafunanso kubwerera pansi pa tebulo.

"Ndiye muwasintha, Amayi?"

"Ayi, sindisintha. Tsopano ukuwadziwa. Ndiona chimene uchite nawo."

Mawa lake masana, amayi anamupatsanso tabuleti. Iwo anabwerera kuseri, natseka chitseko. Dididi, dididi.

Kamphepo anayang'ana kaloko kofiira. Kaloko kanamuyang'ananso. Chala chinayamba kumuyabwa. Zilembo zitatu zokha! Palibe amene akanadziwa. Ngakhale tabuleti sikanati tcha.

Analemba O.

Analemba D.

Kenako anatembenuka. Masaya anali pamphasa, akumuyang'ana. Makutu a Kamphepo anatenthanso, ngati dzulo.

Anafufuta D. Anafufuta O. Anakhalira chala chija kuti chisiye kuyabwa. Ndi dzanja linalo anatsegula kabokosi kobiriwira.

Basi yakale ija inali ikumudikira. Kamphepo anawerenga mokweza kuti Masaya amve. Tsamba loyamba. Tsamba lachiwiri. Pa tsamba lachisanu basi inaphulika tayala, Masaya anaseka. Pa tsamba lachikhumi basi inafika kwawo.

"Yatha!" anakuwa Kamphepo.

Ananyamula tabuleti. Anathamanga. Anafika pachitseko cha kuseri. Dzanja linali kale m'mwamba kuti likankhe.

Anaima.

Anatsitsa dzanja. Anagogoda pang'ono. Go, go, go.

"Odi."

Makina anasiya kulira.

"Ndani?" anafunsa amayi.

"Ndine, Amayi."

"Inu ndani? Mwana wanga sagogoda. Amangoti pha!"

"Ndine Kamphepo, Amayi! Ndawerenga masamba khumi onse. Mufunseni Masaya."

"Tayala phuu!" anachitira umboni Masaya.

Chitseko chinatseguka. Amayi ankaseka, mapini awiri ali pa kolala yawo.

"Lowani, alendo athu. Lowani ndithu."

Onse atatu anakhala pansi, pakati pa tizidutswa ta nsalu. Kamphepo anapereka tabuleti kwa amayi. Amayi sanailandire. Sanatembenukenso.

"Lemba wekha," anatero.

Kamphepo analemba, amayi akuona. Tho, tho, tho. Kaloko kofiira kanatseguka. Chule anatulukira, maso ali tong'o.

Chala cha Kamphepo chinkayabwa kwambiri. Koma anaika tabuleti pamiyendo ya Masaya, monga anachitira dzulo.

Masaya anabweza manja msanga. "Ine ayi," anatero.

"Lero iwe eya," anatero Kamphepo. "Yamba ndiwe."

Anagwira kachala ka mng'ono wake. Anakaika pa chule. Ndipo chule anadumpha.