Zikhatho za Alamu Anga

Pali chinthu chimene ndinakhala nacho miyezi isanu ndi itatu osauza munthu, ngakhale apolisi anandifunsa kawiri. Palafini amene anawotcha alamu anga a Kusum ndinakagula ndine. Amayi anandituma malita asanu, m'nyumba muli kale wokwana mwezi. Sindinafunse. Ine ndimachita manyazi kufunsa zinthu.

A Kusum anakwatiwa ndi achimwene anga a Devendra asanakwane zaka makumi awiri. Poti kwathu mkwatibwi ndiye amabweretsa katundu kwa mwamuna, anabwera ndi firiji, bedi ndi ndolo zagolide, koma njinga yamoto imene bambo awo analonjeza sinabwere. Amayi anayamba kuwatcha Chimanjamanja. Akalira pafoni, kwawo ankawauza kuti apirire, chifukwa akabwerera, ang'ono awo awiri sadzapeza banja. M'nyumba monse wocheza naye ndinali ine. Ankandiseka kuti "aphunzitsi" poti ndinkawawerengera mabuku anga akusukulu iwo akukanda ufa wa chapati.

Tsiku limene anapsalo ndinaweruka msanga kusukulu. Ndinapeza achimwene atakweza wailesi, amayi ataima pabwalo, chitseko cha khitchini chili chotseka ndi mpiringidzo kunja. Utsi unkatulukira pansi. Apolisi analemba kuti chitofu chinaphulika, monga analembera chaka chatha kunyumba ina ya mumsewu wathu.

Zotsatirazi sindikupeka ayi. A Ramphal, amene amatibweretsera mkaka, anazionanso, ndipo mpaka lero amasiya mkaka pageti.

Tsiku lolowa m'nyumba, a Kusum anaviika manja mu utoto wofiira n'kudinda zikhatho pakhoma la pakhomo, monga achitira mkwatibwi aliyense. Maliro atatha, amayi anapakapo laimu. Patatha sabata zikhatho zinatulukanso. Anapakanso. Zinatulukanso. Kachitatu sizinatuluke pamenepo. Tinazipeza kuseri kwa chitseko chatsopano cha khitchini, mkati, pamene a Kusum sanadindepo utoto. Zinali zambiri. Zina m'munsi ndithu, pafupi ndi simenti.

Masana, dzuwa likaswa mtengo anthu atagona, ndinkamva zibangiri zagalasi zikugundana m'khitchini. Pang'onopang'ono, ngati munthu akukanda ufa. Kenako fungo la palafini. Kenako zii. Tsiku lina ndinamva dzina langa lija, motsitsa, pafupi ndi khutu.

"Aphunzitsi."

Ndinafunda mutu kukutentha chonchija.

Lachisanu lapitali kunabwera a Shukla kudzaona nyumba. Mwana wawo Urmila, amene anali patsogolo panga kusukulu, ndiye amene amayi anasankhira achimwene. Ndikupereka tiyi ndinamva a Shukla akulonjeza njinga yamoto ikatha nyengo yokolola, pano ndalama zavuta pang'ono. Amayi anaseka, amvekere sitithamanga ife, mwana wanu adzakhala ngati wanga.

M'khitchini zibangiri zinalira. A Shukla anatembenuka n'kufunsa ngati muli munthu. Amayi anati ndi mphaka. Ife tilibe mphaka.

Potuluka a Shukla anaiwala ambulera, ndipo ndinathamanga nayo mpaka pageti. Anandithokoza, n'kundifunsa ngati ndikusangalala kuti ndipeza mlamu watsopano. Ndinaona amayi ataima pakhomo akundiyang'ana.

"Bambo," ndinatero, "musamubweretse Urmila kuno. Chitofu sichinaphulike. Chitseko chinatsekedwa kunja, ndinaona ndi maso anga. Palafini wake ndinakagula ndine."