Kabokosi ka Ritena M'thumba la Lovemore

Eliness anakumana ndi Lovemore pa siteji ya makombi, maminibasi a ku Zimbabwe, ku Kadoma, akudikira yopita ku Chegutu komwe ankagulitsa m'sitolo ya mbewu. Anali atangomaliza kulankhula ndi mayi ake pafoni m'Chichewa pamene bambo wina wovala chijekete chonyezimira cha kumgodi anamuyandikira.

"Chichewa cha agogo anga chenicheni! Koma mano ngati amenewo, komboni yonse ya Rimuka palibe."

"Ndinawavutikira," anatero Eliness.

Sankanama. Mawaya owongola mano anakhala m'kamwa mwake zaka, osaluma nzimbe, osakukuta chimanga chootcha. Atawachotsa, dokotala anamupatsa ritena, kapulasitiki koumbidwa motsatira mano ake. Aziivala nthawi zonse, aziichotsa podya pokha, aziitsuka ndi madzi ozizira. Akaleka, mano abwerera mwakale.

Lovemore ankadzitchula mkulu wa zachitetezo pa kamgodi kena. Chijeketecho ankachivala ngakhale Lamlungu, kuopa kuti anthu angaiwale.

Mauthenga anayamba kugwa pafoni. "Mudiwa wanga, wokondedwa wanga, shuga wa m'tiyi wanga." "Iwe ndi ine mpaka imfa." "Chaka chino ndituma amalume kwanu." Mtsikana wake uti amene sangasungunuke?

Chinthu chimodzi chokha chinkamusowetsa mtendere mkuluyu: ritena ija.

"Kachinthu kakoko sungamakasiye kunyumba? Munthu ngati ine ndimadziwika."

"Dziwikani. Ine sindivula."

Loweruka lina ankadya sadza, nsima ya kumeneko, ndi nyama pamalo ena odyera ku Chegutu. Eliness anachotsa ritena n'kuiika m'kabokosi kake patebulo. Ataona anzake akudutsa, Lovemore anakatola msangamsanga n'kukaponya m'thumba la chijekete. Kenaka foni yake inalira. Anaiyang'ana, nkhope n'kusintha.

"Ngozi kumgodi! Ndikubwera, mudiwa."

Kabokosi kanapita naye.

"Mawa ndikubweretsera, duwa langa." Mawalo linabala mawa lina. M'mawa uliwonse Eliness ankayang'ana pagalasi, n'kumaona ngati dzino lakutsogolo layamba kupendekeka. Zaka zonse zija zithere m'thumba la munthu?

Kwa Lovemore anali asanafikeko, chifukwa nthawi zonse nyumba inali "ikupentedwa". Koma atatopa ndi kudikira, anatsika ku Pfupajena, dera la ku Chegutu komwe Lovemore ankati amakhala. Atafunsa za bambo wa chijekete chonyezimira, aliyense analoza. Kudziwika kuli ndi ubwino wake.

Pakhonde anapeza mayi wachitsikana akuyanika mabotolo a mwana.

"Odi! Ndikufuna a Lovemore. Ali ndi kabokosi kobiriwira."

"Ka kuntchito kaja? Akutumani a kumgodi?" Mayiyo anamwetulira. "Ndine mai Mufaro, mkazi wawo. Ndinakapeza pochapa. Akuti amavala pophulitsa miyala kuti mano asagwedezeke. Ndiye ndawawiritsira pamodzi ndi mabotolowa. Chinthu cha m'kamwa chimafuna ukhondo, sisi."

Anakabweretsa. Ritena inali itapindikapindika ngati tsamba louma.

Mkazi wawo! Misozi inafika m'maso mwa Eliness, iye n'kuibweza. Osati pano!

Nthawi yomweyo Lovemore anatulukira pageti, n'kuima ngati waponda njoka.

"Ah... ndi mlongo wa kuofesi uyu."

"Eya, ndine," anatero Eliness. "Abwana, mai Mufaro akuti chida ichi n'chanu. Tavalani tione ngati chikukukwananibe."

"Tikakambirana kuntchito, mlongo..."

"Valani, baba Mufaro," anatero mkazi wake. Kumwetulira kunali kutatha. Anali atayang'ana mano a mlendoyo, n'kuyang'ananso kuchepa kwa kapulasitikiko. "Si mumavala tsiku ndi tsiku?"

Apa mwamuna wanzeru akanagwada n'kupepesa. Koma mkulu wa zachitetezo anayasamula n'kukankhiramo ritena ya mwini. Inakola dzino limodzi, kwinako kuli panja, dovu likuyenderera pachijekete. Anayesa kunena kanthu. Palibe amene anamva.

Eliness anatembenukira kwa mayiyo.

"Mai Mufaro, ritenayo ndi yanga. Anandilonjeza ukwati. Sindinkadziwa kuti mulipo."

"Ndaona, sisi. Pitani bwino." Kenaka anatsegula chitseko, n'kutembenukira kwa mwamuna wake. "Inu musavule. Lowani m'nyumba."

M'kombi yobwerera ku Kadoma, Eliness anakhala kumpando wakumbuyo n'kulira mwakachetechete, nkhope ataibisa pazenera. Anamukonda ndithu munthu uja, ndi chijekete chomwe! Atapukuta misozi anatulutsa foni, n'kudumpha dzina la Lovemore, n'kuimba nambala ina.

"Adokotala, ndi Eliness wa ku Rimuka. Ndikufuna mundiyezenso lero lomwe. Mano ayamba kusuntha, ndipo ine sindilola."

"Ritena ija yatani? Yatafunidwa ndi galu?"

"Ayi, adokotala. Galu ndikanamukhululukira."