Kadengu ka Njuchi

Bambo ake a Njuchi atafika kunyumba tsiku limenelo, sanalize makiyi a basi pakhomo monga ankachitira masiku onse. Anangokhala pampando n'kuyamba kumasula nsapato mwakachetechete.

"Kwagwanji, bambo a Njuchi?" anafunsa mayi, akutsitsa khanda kumsana.

"Atiyeza kuntchito. Namwino akuti shuga wachuluka m'thupi, magazi nawo akuthamanga kwambiri. Akadzandiyezanso n'kupeza zomwezi, andichotsa pachiwongolero. Akuti munthu wotere akhoza kuchita chizungulire pamsewu, basi itadzaza anthu."

Njuchi, mwana wawo woyamba, anali patebulo akulemba ntchito ya kusukulu. Dzinali anamupatsa ndi bambo akewo chifukwa chokonda zotsekemera. Cholembera chinaima m'manja mwake.

Mayi sanali munthu wa misozi. Anapita kukhitchini n'kutsekula kabati, zitseko zonse ziwiri. Munali mabotolo a zakumwa zotsekemera, mabisiketi, tchipisi ta m'mapepala ndi thumba la shuga. Pakona panali anyezi mmodzi, nayenso atamera kale.

"Matenda aja ndi awa," anatero mayi. "Tinachita kuwanyamula tokha m'dengu."

Njuchi anazyolika. Chibadwire khandalo, wokagula zinthu Loweruka anali iye. Ankanyamuka m'mawa asanadye kanthu, chidengu chachikulu kumanja, n'kuyambira musitolo ya pakona. Pomafika kwa ogulitsa masamba, dengu limakhala litadzaza kale, mkono ukuwawa.

Loweruka lotsatira mayi anabisa chidengu chija n'kutulutsa kadengu kakang'ono. Kenako anamuikira Njuchi mbale ya mazira ndi nthochi.

"Idya kaye. Munthu wanjala amagula ndi mimba, mutu atausiya kunyumba. Ukayambire kwa mayi a masamba: kabichi, nyemba, tomato, zipatso. Musitolo ukalowe pomaliza. Kamalo kotsalako ndi ka sopo."

"Amayi, kadengu aka si ka zidole?"

"Katikwanira. Nyamuka."

Masabata oyamba anali owawa. Bambo ankayang'ana tiyi wopanda shuga n'kufunsa kuti, "Kodi ameneyu analakwanji?" Njuchi naye ankatsekula kabati pobwera kusukulu, n'kupeza mtedza ndi malalanje zikumuyang'ana.

Loweruka lina bambo sanapite kuntchito. Ananena kuti amuperekeza mwana, akamuthandize kunyamula. Mayi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Lero mwabwera ndi alonda?" anaseka mayi a masamba, akulowetsa chikabichi m'kadengu muja. Anawonjezamo nyemba, tomato ndi karoti mpaka kanangotsala kamalo kolowa dzanja.

Musitolo, maso a Njuchi anagwera pa mabisiketi a chokoleti amene ankawakonda. Mkamwa munadzaza malovu. "Odwala si ine," anadziuza mumtima. Bambo atatembenuka, anatenga paketi imodzi n'kuilowetsa pansi pa kabichi, poganiza kuti polipira akawauza adikire panja. Kenako anawasiyira kadengu n'kupita kukatenga sopo.

Pobwerera anawapeza atanjuta pakati pa mashelefu. Dzanja limodzi linali litatukula kabichi, linalo litagwira botolo la chakumwa chotsekemera. Maso awo anali pa mabisiketi.

"Mayi anga," anatero bambo, monga ankamuitanira akafuna kumunyengerera, "malo anga mwakhalamo kale?"

Njuchi anayesa kuumitsa nkhope koma zinakanika. Anaseka onse awiri mpaka wogulitsa anasuzumira. Kuseka kutatha, mtsikanayo anayang'ana thumba la malaya a bambo ake, momwe munkakhala makiyi a basi. Anakumbukira tsiku lija makiyiwo analowa m'nyumba osalira.

Anatulutsa mabisiketi aja pansi pa kabichi n'kuwabwezera pashelefu.

"Ababa, izi zikangolowa m'nyumba tidya tonse. Ine ndimakudziwani, inunso mumandidziwa."

"Kabotolo kamodzi kokha, mayi anga. Kotsanzikira."

"Mutsanzikire pompano. Ine ndabweza zanga."

Bambo anapuma mozama. Analiyang'ana botolo lija ngati mnzawo amene akukwera basi ya kutali. "Tsala bwino, achimwene," anatero, akulibwezera pashelefu. Pobwerera anadzeranso kwa mayi a masamba, ndipo kamalo kaja anatsekapo ndi malalanje.

Kunyumba mayi anakhuthula kadengu patebulo n'kusanthula chimodzichimodzi. Anayang'ana mwamuna wawo, n'kuyang'ananso mwana.

"Nanga mukusekererana chiyani ngati akuba?"

Njuchi ndi bambo ake anayamba kulongedza malalanje m'kabati.

Miyezi inapita, tsiku loyezanso linafika. Njuchi atabwera kusukulu anatsekula buku, koma mawu sankalowa. Mayi anapukuta tebulo loyera kale, kenako n'kulipukutanso. Aliyense wodutsa panja ankawadzidzimutsa.

Kenako panja panamveka kaphokoso. Ngwere, ngwere, ngwere! Makiyi.

Bambo analowa akuwagwedeza m'mwamba ngati belu la kusukulu.

"Namwino akuti shuga watsika, magazi akhazikika! Mankhwala ndizimwabe, kadyedwe aka ndisasiye, koma basi ndi yanga."

Mayi anakhala pampando mwadzidzidzi, ngati atula mtolo wolemera umene anausenza osauza munthu. Njuchi anathamangira bambo ake n'kuwakumbatira, makiyi akumubaya patsaya.

"Komatu namwino anandifunsa chinsinsi," anatero bambo, akusenda lalanje. "Ndamuuza kuti kwathu kuli apolisi awiri ndi kadengu ka zidole. Kodi chidengu chachikulu chija chinapita kuti?"

"Muli matewera a mwana," anayankha mayi.

Njuchi anatenga chigawo cha lalanje m'manja mwa bambo ake n'kuponya mkamwa.

"Chikhale komweko," anatero.