Sitima Imene Yoram Anaimitsa ku Kachebere

Anthu ena amaweta nkhunda, ena amafera mpira. Yoram iye anali wa sitima, sitima zapamtunda zimenezi. Masana ankathamanga ndi mapepala a malole pa boda ya Mchinji kuti katundu wa eni ake awoloke, koma mtima wake wonse unali pa njanji. Anali ndi kamera yakale imene anagula kwa dalaivala wina wa ku Chipata. Mu foni mwake munali gulu la anzake openga ngati iye, a ku Limbe, a ku Balaka, a ku Nayuchi, amene ankatumizirana zithunzi za mitu ya sitima ngati ndi zithunzi za ana awo.

Vuto linali lakuti anzakewo sitima ankaziona tsiku ndi tsiku, pamene njanji ya kwathu kuno yopita ku Chipata imatha miyezi ili duu, udzu n'kumera pakati, mbuzi n'kumagonapo. Yoram ankangotumiza zithunzi za njanji yopanda kanthu. Anzake anamupatsa dzina loti Mlonda wa Udzu, ndipo dzinali linkamuwawa koopsa.

Madzulo a tsiku limene zinachitika anali ngati madzulo ena onse a mwezi wa Okutobala. Kunali kotentha, fumbi lili kobo. Mkazi wake, Esitele, anali pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Anali woyembekezera mwana wawo woyamba, masiku atatsala pang'ono, ndipo fungo lililonse linkamuchititsa nseru. Sopo, anyezi, mafuta a galimoto, zonse ankazilavulira kumbali.

Foni ya Yoram inalira. Anali Lovemore, mnzake woyendetsa lole.

"Achimwene, ndaona mutu wa sitima kuno ku Chipata. Nyali yayaka, wayang'ana kwanuko."

Yoram anali atanyamula kale kamera foni isanaduke.

"A Yoram, madzulo ano?" anatero Esitele. "Nanga chikandiyamba usiku ndidzaitana ndani? Njanji?"

"Sindichedwa, mayi. Kungojambula basi."

"Mukatuluka pakhomo pano, mawa ine ndikupita kwa amayi kwa Mlonyeni. Ndikachirira konko. Mudzitsala ndi sitima zanuzo."

Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu la Yoram linali litapita kale ku Chipata. Anakwera njinga, ulendo wa ku Kachebere, pamalo pamene njanji imakhota m'munsi mwa phiri. Malowo anawasankha kalekale, chifukwa sitima ikamakhota umaiona yonse, mutu mpaka mchira.

Atafika anapeza kachisisira katagwa. Pa kanjira kodutsa njanji anakumana ndi Mayi Anasi, amene ali ndi dimba la tomato chapafupi pomwepo. Ankaweruka, kheni yothirira ili m'manja. Anayang'ana kamera ija, n'kuyang'ana njanji.

"Achimwene, mukudikira chinthu apa?"

"Sitima, mayi."

"Ya usiku?" Mayiwo anasuntha pang'ono. "Ngati simubwerera kunyumba, manja anuwo akhale m'thumba. Ikamadutsa, m'thumba."

Yoram anaseka. Anaganiza kuti akunena za akuba. Munthu wojambula angaike bwanji manja m'thumba? Sanafunse n'komwe chifukwa chake, ndipo safunsa anadya phula.

Tsono pali mwambo wina wa anthu okonda sitimawa. Kwa iwo chithunzi chokha sichikwanira, pamafunikanso kulira kwa hutala ya sitimayo. Ndiye sitima ikamayandikira amakweza chibakera m'mwamba n'kuchikokera pansi, ngati akukoka chingwe. Dalaivala waulemu akaona chizindikirocho amaliza hutala, wojambulayo n'kutenga kanema wokhala ndi mawu. Yoram anali ataona anzake akuchita zimenezi m'makanema ambirimbiri. Iye anali asanachitepo, ndipo dzanja linkamuyabwa.

Anaimika kamera pa miyendo yake itatu n'kukhala pamwala. Udzudzu unamudya. Achule a m'dimba ankalira mopikisana. Kutali ku boda kunkaoneka magetsi a malole.

Kenaka achule aja anangoti zii, onse pamodzi.

Yoram anagwada n'kugwira njanji kuti amve ngati ikunjenjemera. Inkanjenjemeradi. Koma inali yofunda, yonyowa, yoterera ngati therere. Mvula inali isanayambe kugwa. Ananunkhiza zala zake.

Fungo linafika kuwala kusanafike. Abale, fungo limenelo! Amene anadutsapo pa kalavati mmene mwafera galu nthawi ya dzinja akudziwako pang'ono, koma ili linali lolemera, lotsekemera moipa, lomata kukhosi. Yoram anakokera malaya kumphuno koma sizinathandize. Chinthu china chinamugunda patsaya, chinanso pamlomo. Zinali ntchentche, zazikulu zobiriwira zija. Ntchentche usiku!

Kuwala kunatulukira pokhota paja. Kunali kwachikasu, kofooka ngati kwa koloboyi. Injini sinkamveka. Njanji yokha ndi imene inkalira. Mutu wa sitimayo unali wa mtundu wakale umene Yoram anali asanauonepo ngakhale m'zithunzi za anzake, ndipo kumbuyo kwake sikunali mabogi a katundu. Anali mabogi a anthu, a mawindo, pa njanji imene sitima ya anthu siyendapo.

Munthu wanzeru akanathawa. Koma Yoram, malovu ali njo m'kamwa chifukwa cha nseru, anaganiza za a ku Limbe aja. Lero Mlonda wa Udzu awakhaulitsa. Anayatsa kamera. Anakweza chibakera m'mwamba n'kuchikokera pansi.

Hutala inalira. Inalira ngati ng'ombe imene mpeni wafika kale pakhosi, mawu odzaza madzi. Kenaka mabuleki anakukuta, mabogi anagundanagundana, sitima ija n'kuima. Chitseko cha bogi ina chinaima ndendende pamaso pa Yoram.

Chinatseguka.

M'katimo munali anthu, atakhala mwadongosolo, aliyense kachikwama kake pamiyendo. Panalibe wolankhula, panalibe wotsokomola. Yoram anaona kuti onse anali ndi thonje m'mphuno, ndipo nsagwada zawo zinali zomangidwa ndi kansalu mpaka pamutu, mmene timawakonzera anthu otisiya. Ena anali atafufuma, mabatani a malaya atatsala pang'ono kuduka. Pansi pa bogiyo pankayenda madzi akuda, n'kumadontha pa masitepe. Pamodzi ndi madziwo pankagwa tinthu toyera, ngati mpunga ukutayika m'thumba lobooka. Tinthuto titafika pa nsapato za Yoram tinayamba kukwawa.

Pakhomo panaima munthu wamtali, wovala jekete lakuda ndi chipewa cha kondakitala. Nkhope sinkaoneka bwino chifukwa cha ntchentche.

"Mwaimitsa," anatero. "Kwerani."

"Ayi, bambo. Ine ndimangojambula."

"Mwakweza dzanja."

"Ndimafuna hutala basi. Pepani, pitirirani."

"Ife sitiima chabe. Malo takonza kale."

Analoza m'kati. Pafupi ndi windo panali mpando umodzi wopanda munthu, wopukutidwa bwinobwino. Mpando woyerawo unamuopsa Yoram kuposa zonse zimene anaona usiku umenewo.

Kondakitala anatsika sitepe imodzi n'kumugwira pamkono. Zala zake zinali zozizira, zofewa ngati papaya wowola, koma zinagwira ngati pulayala. Yoram anakoka. Anamva khungu la zalazo likusendeka n'kutsala pamkono pake, koma dzanjalo silinasiye. Phazi lake limodzi linali litafika kale pa sitepe yonyowa ija.

Apa ndi pamene Yoram analankhula mawu amene ine mpaka lero amandinyansa kuposa mphutsi zija. Sindikuti ine ndikanalimba mtima, ayi. Koma pali zinthu zina zimene mwamuna sayenera kudzitchinjiriza nazo.

"Ndisiyeni, chonde! Mkazi wanga ali yekha kunyumba. Esitele. Ndi woyembekezera!"

Kondakitala anaima. Anatembenuza mutu pang'onopang'ono kuyang'ana kumene Yoram anachokera, n'kununkhiza mpweya.

"Ndiye kuti ndi awiri," anatero.

Anamusiya mkono. Chitseko chinatsekeka. Sitima inanyamuka mwakachetechete, kulowera ku Mchinji. Yoram anagwa pa miyala ya m'njanji n'kusanza mpaka kutulutsa ndulu, kenaka sanadziwenso kanthu.

Anamudzutsa ndi Mayi Anasi m'mamawa, pomugenda ndi timiyala. Anaima patali, chitenje chili kumphuno.

"Munakweza dzanja, eti?"

Yoram anangogwedeza mutu kuvomera.

"Mayo ine! Kuno ngakhale mwana wosavala amadziwa. Imeneyo ndi ya anthu amene anafera kutali, m'mafamu ndi m'migodi ya ku Zambia uko, abale awo osapita kukawatenga. Imawabweretsa kwawo, koma ilibe siteshoni, ndiye imangoyenda. Ikaima siichoka yopanda munthu. Nanga inu yakusiyani bwanji?"

Mayiwo anamuyang'ana nthawi yaitali, analavula pansi, n'kulowa m'dimba mwawo.

Atafika kunyumba anasamba ndi sopo wochapira, n'kudzikhula ndi mwala mpaka mkono kutuluka magazi. Zovala anazitentha. Fungo silinachoke. Esitele atangotuluka m'nyumba anathamangira kuseri, n'kukasanza.

"Mwagona m'chimbudzi kodi? Musandiyandikire, a Yoram. Musandiyandikire!"

Chikwama chake chinali chomangamanga kale. Yoram sanamuletse. Kunena zoona anamuthamangitsira yekha minibasi, chifukwa mudzi wa apongozi ake uli m'kati mwenimweni mwa Mlonyeni, kumene njanji amangoimvera m'nkhani. Mumtima ankati kumeneko ndiye kotetezeka. Za mawu amene analankhula usiku uja sanamuuze mkazi wake.

Madzulo anatsegula kamera. Zithunzi zonse zinali zakuda bii. Kanema nayenso anali wakuda, koma mawu analimo. Munali hutala ija, munali mabuleki, kenaka mawu ake iye mwini, omveka bwino ngati a pa wailesi: Esitele, ndi woyembekezera. Mawu a kondakitala munalibe. Anzake a pagulu paja ankafunsa kuti nanga sitima ya Mlonda wa Udzu ili kuti. Yoram anazimitsa kamera n'kukaiponya m'dzenje la zinyalala.

Anthu atangolowa m'nyumba kukagona, foni inalira. Anali Esitele, akunong'ona.

"A Yoram, kodi kuno kwa amayi njanji inafika liti?"

"Ukuti chiyani?"

"Ndikumva sitima. Yaima kuseri kwa nkhokwe. Ndipo fungo lanu lija lafika pakhomo pano. Mwanditsatira?"

Kudzera mu foniyo Yoram anamva kugogoda. Kunali kugogoda kofewa, konyowa, ngati munthu akumenya chitseko ndi nsanza yoviika m'madzi.

"Esitele, usatsegule! Manja ako akhale pansi! Usakweze dzanja, wamva?"

"Akunditchula dzina. Dzina langa alidziwa bwanji?"

Foni inaduka.

Yoram anapalasa njinga mumdima, kugwa n'kudzuka, mpaka anafika kwa apongozi ake kunja kukuyera. Anapeza amayi a m'mudzimo atadzaza pabwalo. Esitele anali moyo. Sanatsegule chitseko, chifukwa matenda anamuyamba pomwepo ndipo mayi ake anamukumbatira manja ali pansi mpaka tambala analira. Mwana anabadwa m'nyumba momwemo, wamwamuna, wolira bwino. Kuseri kwa nkhokwe kunalibe njanji. Kunali ntchentche zokha, zitadzaza pa chimanga.

Yoram atafika pakhomo, Esitele analankhula ali m'kati.

"Ndinawafunsa kuti dzina langa alidziwa bwanji. Anati amuna anu ndi amene anatiuza."

Sanalankhulenso naye mawu ena, tsiku limenelo ngakhale masiku otsatira. Ankhoswe anayesa mbali zonse, koma Esitele anati iye ndi munthu ameneyo ayi, akununkha. Ena amati amanena fungo la pamkono lija, limene mpaka pano anzake pa boda amakhala nalo patali. Ena amati amanena fungo lina.

Yoram masiku ano akaona njanji amawoloka maso ali kumbali, manja ali m'thumba. Loweruka lililonse amapita kwa Mlonyeni ndi sopo ndi shuga, n'kukazisiya pakhonde. Mwanayo amamuonera pawindo.

Anthu a m'mudzimo amanong'onezana kuti mwanayo ndi wabwinobwino, wonenepa, wosekaseka. Chokhacho n'chakuti dzuwa likangolowa agogo ake amamukulunga m'chitenje mothinitsa, manja ali m'kati, ngakhale kutenthe bwanji. Akuti tsiku lina anaiwala. Mdima utagwa mwanayo anasiya kuyamwa, anatchera khutu, n'kukweza kachibakera kake m'mwamba. Esitele anakagwira kasanatsike.